Tsiku Limene a Gwanda Anamasulira Chidatchi

Bambo Japhet Gwanda amagwira ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, kuno kudziko la azungu, ndipo kutchalitchi kwathu amakhala pabenchi yachitatu, mbali ya kukhomo. Mukawaona ndi jekete lawo lotuwa lija simungaganize kuti anali munthu wotchuka. Koma funsani aliyense amene anakulira ku Ndirande. Kwa zaka khumi ndi zinayi a Gwanda ankamasulira makanema mu vidiyo sho ya kuseri kwa msika, maikolofoni ali pakamwa, anthu atadzaza tho. Makanema a Chitchaina, a Chimwenye, onse ankatuluka m'Chichewa chokoma. Zilankhulo zimenezi sankazidziwa ngakhale pang'ono, ndipo sabisa. Amati munthu amanama ndi pakamwa, koma mapewa ndi maso sadziwa kunama, ndiye iwo ankamasulira mapewawo.

Mkazi wawo, mayi Winifred, anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. M'fulati ya ku Govanhill munatsala anthu awiri: iwo ndi mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Ndapile. Mwanayu anabwera kuno ali ndi zaka zisanu, pano ndi katswiri wa makompyuta. Bambo ake amawayankha m'Chingerezi cha kuno, Chichewa amachisungira tsiku limene zamuthina.

Nkhani inayamba pamene a Gwanda anamumva Ndapile kukhitchini akubwereza mawu ngati munthu amene munga wa nsomba wamuima pakhosi. Atamufunsa anati ndi Chidatchi, walowa kagulu ka okonda makanema a ku Holland ndi ku Belgium kamene kamakumana ku Hillhead, ndipo akungofuna azimva bwino makanemawo. Koma woyendetsa kaguluko anali Sam, chibwenzi chake, injiniya wa Chidatchi wa kumalo okonzera sitima za pamadzi.

Lamulungu lina titaweruka anandikokera pambali. "Mayi Malita, munthu saphunzira chilankhulo chifukwa cha kanema. Ine ndine mboni. Mwanayu akupita kwa anthu aja, ndipo sakundiuza."

Ndinawauza kuti amufunse basi, nanga n'kumadzidya mumtima chifukwa chiyani? Anati amufunsa kawiri ndipo kawiri konse wangoseka. Mantha awo ndinawamvetsa. Kukalamba wekha m'dziko la eni si masewera. Choncho Ndapile atawaitana kukaonera kanema Loweruka masana, ati mayi ake a Sam abwera kudzacheza kuchokera ku Holland, a Gwanda anandipempha kuti ndiwaperekeze.

Tili m'sitima ya pansi pa nthaka Ndapile anapereka lamulo. "Dad, please, no talking. Kuno si ku Ndirande. Anthu amaonera phee."

"Ndamva, mayi," anatero bambo ake, ndipo sanamwetulire.

Chipinda choonetseramo kanema chinali chaching'ono, anthu ngati makumi atatu. Kanemayo, ine ndinene zoona, anandisowetsa mtendere. Mlimi wokalamba ndi mwana wake wamwamuna, dziko lathyathyathya lopanda ndi kachulu komwe, ng'ombe, mvula, ndi ngalande imene ankaikonza osatha. Pankatha mphindi khumi popanda wotsegula pakamwa. Ndikanakhala ndekha ndikanagona. Koma pambali panga milomo ya a Gwanda inkagwedera, mawu akufuna kutuluka. Magalasi anawasiya dala kunyumba kuti asawerenge mawu a Chingerezi a m'munsi aja. Ndinawatsina kawiri, ndipo Ndapile anatembenuka katatu kudzationa ndi diso lofiira.

Magetsi atayaka panayamba zokambirana, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti anthuwa makanemawa amawakondadi. Mkulu wina wa imvi, Hamilton, anati iye amakonda Adatchi chifukwa salankhula mozungulira, chakuda amati chakuda. Mtsikana wina wa payunivesite anamutsutsa, ati makanema a ku Holland ndi ozizira, a ku Belgium ndiwo ali ndi mtima komanso amaseketsa. Anakokanakokana mpaka mayi Eva, mayi ake a Sam, anaimirira. Ndi mayi wamtali, wa mawu osanyengerera. Anati kwawo sabisa kanthu, ngakhale makatani satseka, ndipo mwana amauza kholo lake zoona pamaso. Kenaka anatembenukira kwa ife.

"Sam wandiuza kuti bambo Gwanda ankagwira ntchito ya makanema. Inu mwamuona bwanji?"

Ndapile anagwetsa nkhope. Ine ndinada nkhawa, chifukwa a Gwanda akapatsidwa bwalo sadziwa kubweza. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kulankhula m'Chingerezi chawo chodekha.

"Mawu a m'munsiwo sindinawerenge. Koma mnyamata uja anachoka kale pamunda paja kanema asanayambe, thupi lokha ndilo latsala. Bambo ake akudziwa. Onse awiri akukamba za ngalande chifukwa akuopa kukamba zenizenizo. Ndiye mayi, makatani mwina simutsekadi, koma zobisa muli nazo ngati ife tomwe."

Hamilton anawomba m'manja yekha, kenaka ena anatsatira. Mayi Eva sanawombe. Anayang'ana mwana wawo, mwana wawo anayang'ana Ndapile, ndipo ine ndinayamba kulakalaka ndikanatsala kunyumba.

Nthawi ya tiyi atatuwo anapatukira pawindo n'kumalankhula Chidatchi motsitsa mawu. Ife tinaima chapatali pang'ono, a Gwanda kapu ili m'manja, maso ali pa iwo osaphethira. Ndiye m'kamwa mwawo ndinamva mawu amene sindinawamvepo, mawu a pa maikolofoni, okhuthala, a Chichewa cha ku Ndirande. Sanakuwe, koma ankamveka.

"Mayiyu akuti, kodi bambo akowa sunawauzebe? Mnyamatayu akuti, amayi, musayambe pano. Mayiyu akuti, munthuyu si wopusa, mwamumva nokha. Mtsikanayu akuti..." Apa anayambiranso. "Mtsikanayu akuti, ndiwauza, koma osati lero."

"A Gwanda, chonde," ndinanong'ona, koma madzi anali atatayika kale. Ndapile anali atamva. Anabwera pang'onopang'ono.

"Dad, who told you?"

"Palibe. Ukupita liti?"

Mwana uja anayankha m'Chichewa. "Pa 9 mwezi wamawa, adadi. Ndapeza ntchito ku Rotterdam, ku Holland. Ndimaopa. Ndimati mukamva mudwala."

Mayi Eva anafika pomwepo, ndipo poti kwawo sabisadi, anawonjezera m'Chingerezi kuti iwo anamuuza mtsikanayu miyezi itatu yapitayo kuti aulule. Miyezi itatu! Ine mkwiyo unandikwera m'malo mwa a Gwanda. Mlendo wa ku Holland akudziwa, bambo wobereka akungodya naye mwana patebulo limodzi ngati chitsiru. Ndinayembekezera kuti akalipa pamaso pa azungu onsewo, ndipo sindikanawaletsa.

A Gwanda anaika kapu ija patebulo bwinobwino. Anathokoza mayi Eva chifukwa cha kanema. Kwa Sam, amene anali atafiira mpaka m'makutu, anangoti kwathu mwana wa munthu satengedwa ngati ambulera, apeze ankhoswe abwere kunyumba sabata isanathe. Sam sanadziwe kuti ankhoswe n'chiyani, koma anavomera msangamsanga, ndipo ntchito yomufotokozera inagwera ine.

Pobwerera tinayenda wapansi mpaka pasiteshoni. Ndapile ankayenda kumbuyo, akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Ndinkaopa kuti akakafika kunyumba aliyense akadzitsekera kuchipinda kwake mpaka tsiku la ulendo, chifukwa a Gwanda akakhumudwa amatha sabata osayankhula. Sitima itatsala mphindi ziwiri a Gwanda anatembenukira kwa Ndapile.

"Kumeneko kumazizira kuposa kuno?"

"Chimodzimodzi, adadi."

"Ndiye utenge chikhoti cha mayi ako. Chikungokhala m'kabati."