Kompyuta ya pa depoti inataya maola

Mpaka lero munthu akamatama kompyuta pamaso panga ndimangonyamuka n'kuchoka. Sukulu ndinalekera giredi folo, inde, koma lole ndinkaidziwa, ndipo munthu sindinagundepo.

Zaka zimenezo ndinali dalaiva pa depoti ya thonje ku Chipata. Lole imodzi tinkayendetsa awiri. Ine ndinkalawira kupita ku Chipangali kukanyamula thonje, ndikabwera masana n'kupereka makiyi kwa mnzanga, mkulu wina wamfupi wokonda nthabwala, iye n'kupita ulendo wachiwiri. Kale mlonda wa pa geti ankalemba ola limene lole yalowa ndi kutuluka. Itabwera kompyuta abwana anati zimenezo zithe, zonse azilowetsa mayi wa mu ofesi.

Tsiku lina Lachinayi ndinabwera msanga, ndinapereka makiyi anthu akudya, n'kupita kunyumba. M'mawa mwake ndinapeza wapolisi pa geti. Anati dzulo cha m'ma fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, lole yathu inagunda bambo wina wa makala pa njinga, osaima. Mwendo unathyoka pawiri. Anthu anaona nambala ya lole, nkhope ya dalaiva sanaione.

Anatilowetsa mu ofesi tonse awiri.

"Ndani anali pa chiwongolero?" anafunsa wapolisi.

Mnzanga uja sanaphethire n'komwe. "Bwana, awa anachedwa dzulo. Makiyi anandipatsa dzuwa litapendeka kale."

"Iwe mdala," ndinatero, "makiyi si ndinakupatsa uli ndi chinangwa m'kamwa?"

"Chinangwa ndimadya nthawi iliyonse, akulu."

Ndikanamumenya pomwepo. Koma ndinadziletsa, poti ndinkadziwa kuti makina aja anena zoona. Ndinauza abwana kuti afunse kompyuta ola limene ndinalowa pa geti.

Mayi uja anabayabaya mabatani, makina n'kuyamba kulira ngati nyenje, pepala n'kutuluka. Wapolisi analitenga, kuliyang'ana, kenako kundiyang'ana ine.

"Apa akuti munalowa ziro awazi. Mnzanuyu anatulukanso ziro awazi. Lole zonse za pa depoti pano zimayenda pakati pa usiku?"

Mayi uja anafotokoza. Anati mnyamata wa ku Lusaka amene anakonza kompyutayo anafunsa abwana kuti kabokosi ka tsiku kazisunga deti yokha kapena deti ndi ola lomwe. Abwana anayankha kuti deti yokha, iwo chimene amafuna ndi maulendo a pa mwezi basi. Mayiyo anati poyamba ankalowetsa maola, koma makina ankangowataya n'kuika maziro, ndiye analeka.

"Ndiye bwezani maolawo," ndinatero.

"Bambo, chimene sichinasungidwe sichingabwerere."

Ndinatembenukira abwana. Iwo anali kuyang'ana pa windo ngati kunja kukudutsa ukwati.

"Bwana, munachotsa ntchito ya mlonda, munthu wa maso ndi wotchi, n'kuika chinthu chosadziwa m'mawa ndi madzulo?"

"Samala pakamwa pako," anatero.

"Pakamwa panga mpabwino. Ndinu amene munayankha funso musanaganize."

Mlonda anaitanidwa. Anati iye masiku ano amangotsegula ndi kutseka, za nthawi sakumbuka. Anyamata otsitsa thonje anati anali m'shedi. Aliyense ankateteza mimba yake. Mkazi wanga anabwera kudzanena kuti ndinafika kunyumba masana, wapolisi n'kuseka, ati mkazi wa munthu si mboni.

Anatisunga ku polisi, ine ndi wabodza uja, chipinda chimodzi, benchi imodzi. Ndinamufulatira. Iye ankangoimba mluzu pang'onopang'ono. Potsiriza anatitulutsa, ati umboni palibe. Ku depoti anatichotsa ntchito tonse awiri tsiku lomwelo, poti sakanadziwa wolakwa ndani.

Ndinayenda Chipata yense ndi laisensi m'thumba. Kulikonse ankati, "Si inu a lole ija inagunda munthu?" Ndinabwerera kumudzi ku Madzimoyo kukalima nshawa. Chiwongolero sindinachigwirenso.

Bambo wa makala uja alipo, amayenda ndi ndodo. Ndinakumana naye pa msika, ndinavula chipewa, ndinati, "Akulu, sindine ndinakugundani." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti dalaiva winayo anamuuzanso chimodzimodzi.