Mzere wa wolandira mtembo

Chaka chomwe boma lathu linagwirizana ndi dziko lina lakutali kuti anyamata athu azikagwira ntchito m'minda ya kumeneko, wayilesi inatisokosera mpaka makutu kuwawa. Akuluakulu ankati chimenechi ndiye chitukuko. Ine ndinkangoseka ndekha kuti feteleza watikanika kugula, ndiye basi tigulitse alimiwo.

Mlongo wanga wamng'ono, mlimi wa mbatatesi ndi nyemba kwathu ku Lobi, anali m'gulu la osankhidwa. Anabwera ndi pangano la ntchito, mulu wa mapepala, lonse m'Chingerezi cha maloya. Poti ine ndimaphunzitsa pa pulayimale, ntchito yomasulira inagwera ine. Linali Lamulungu la mu Juni titaweruka ku Misa, kukuzizira koti zala zinkakana kugwira pepala. Tinakhala pakhonde panga kutsata dzuwa: ine, mlongo wangayo, mkazi wake atabereka mwana wachitatu kumbuyo, ndi amalume, eni mbumba yathu, omwe sitinawaitane koma anamva fungo.

Masamba oyamba anthu ankawodzera. Maola a ntchito, malo ogona, zoti pakabuka mkangano mlandu udzaweruzidwa kukhoti la dziko lomwelo. Ndinawamasulira bwinobwino kuti munthu wa ku Lobi, amene ngakhale ku Lilongwe amasochera, akakasumire mwini munda kwawo kwa mwini mundayo, m'chilankhulo cha mwini mundayo. Palibe anaphethira. Amalume ankathothola ulusi pa jekete.

Kenako ndinafika pa ndime ya imfa. Wantchito akamwalira, bwana adzalipira ndege yobweretsa mtembo, ndipo chipukuta misozi chidzaperekedwa kwa munthu mmodzi yekha, amene dzina lake lalembedwa pa mzere uwu. Tulo tonse balala.

Amalume anakonza kukhosi. Anati nkhaniyi ndi yosavuta. Mwana wa mlongo wawo ndi wawo, chinkhoswe chake anayendetsa ndi iwo, pamanda adzayankhule ndi iwo, choncho pamzerepo palembedwe iwo, ndipo adzagawa mwachilungamo. Chilungamo chawocho tinkachidziwa. Mkulu wathu atamwalira, amalumewo anapita kwa wamasiye ndi ngolo, nakatenga njinga, wayilesi ndi malata, ati akasunge. Akusungabe.

Mlamu wanga anangoti zyoli, akugwedeza mwana. Mkazi sayankha amalume a mwamuna wake, amangometa udzu ndi maso. Koma tonse tinkadziwa kuti pamzerepo pakalembedwa amalume, iye adzatsala ndi ana atatu ndi khasu.

Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima pakamwa panga sipakhala chitseko. Ndinawauza amalume kuti azungu a kumeneko sadziwa za mwini mbumba, amadziwa mkazi. Iwo anati n'chifukwa chake dziko lawonongeka, mwambo wathu ukuweruzidwa ndi anthu osadziwa ndi komwe kuli Dedza. Pamenepo ndiye anakhoza, ngakhale anakhozera mimba yawo. Ndisadziyeretse ine: mkangano utakula ndinati bwanji palembedwe ine, poti ndili ndi buku la kubanki ndipo Chingerezi ndimamva. Ndinanenadi, ndi pakamwa panga pomwepa.

Tinakangana nthawi yaitali. Za woti akalandire bokosi kubwalo la ndege, za galimoto yokwera nalo mapiri athuwa nthawi ya dzinja, zoti akaikidwe kwathu kapena kwa mkazi wake komwe ali mkamwini. Amalume anafika podandaula kuti mabokosi a kunja amabwera otseka, anthu saona nkhope. Mwini nkhopeyo anali pomwepo, atakhala pa njerwa, akupuma bwinobwino.

"Achemwali," anatero osakweza mawu, "za mtembo ndamva. Tawerengani pomwe akunena za kubwera ndili wamoyo."

Ndinavundukula masamba, manyazi atandigwira. Ndimeyo ndinakaipeza chakumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono. Wantchito akafuna kubwerera kwawo nthawi ya pangano isanathe, kaya wadwala, kaya sakumvana ndi bwana, adzadzigulira yekha tikiti. Ndinawerenga kawiri kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Maboma awiri anakhala pansi, matayi ali m'khosi, nagwirizana zimenezi, wina n'kuwajambula akugwirana chanza.

"Ndiye kuti ndege yaulere ndi ya wakufa," anatero mlongo wanga.

Anatenga cholembera changa chofiira, chochongera ana kusukulu, nalemba dzina la mkazi wake pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, monga amalembera munthu amene sukulu anailekera mu Sitandade 6. Amalume ananyamuka, nanena kuti maliro amenewo tisadzawaitane. Tinawasiya apite, maliro ake kulibe.

Ndinamufunsa mlongo wanga ngati sangasinthe maganizo. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndowa ya mbatatesi mavenda akugula bwanji kumsewu. Atatero anasayinira.

Apa mpamene mlamu wanga anayankhula koyamba tsiku lonselo.

"Fufutani dzina langalo. Sindikufuna kudzalemera ndi inu."

Sanafufute. Anandibwezera cholembera, napita mwezi wotsatira.

Alipo, amatumiza kangachepe, amadandaula kutentha ndi msana. Kuchitsime azimayi amamuseka mlamu wanga kuti ndi bwana, kaya zitani iye wapata. Amaseka nawo. Koma foni yake ikalira ndi nambala yakunja sayankha. Amathamanga nayo kudutsa m'dimba mpaka kusukulu, n'kunditulutsa m'kalasi, wefuwefu, n'kundipatsa. Ndikaiika kukhutu amandiyang'ana pakamwa, kudikira kuti amve ngati ndiyankhe m'Chichewa kapena m'Chingerezi.