Atelala ndi Ophunzira a Lachiwiri

Linali thabwa lokhomedwa nsalu ya khaki, lokhala ndi mabatani asanu aakulu ngati a jasi ya msilikali. Bambo analandira thabwalo kuchipatala cha mishoni m'chilimwe chomwe ndinali Sitandade 4, sitiroko itawapha dzanja lamanja n'kuwapotoza pakamwa. Telala amene anaveka mayunifolomu theka la ana a sukulu a ku Mangochi ankaphunzitsidwa kumanga batani.

Lachiwiri lililonse ine ndi mayi tinkawakweza panjinga ya amalume n'kumakankha mpaka kuchipatalako. Pageti anyamata a chipani ankafuna khadi, ndipo ankadikira dala, akuseka, kuti bambo alitulutse okha m'thumba. M'kati munkanunkha mankhwala okolopera ndi thukuta. Ophunzira zachipatala asanu ochokera ku Blantyre ankawazungulira ndi makope awo, aliyense kukweza dzanja lija, kulipinda, kulisiya ligwe. Ankalankhulana Chingerezi ngati mwini dzanja palibe. Ndinkadana nawo, ndipo mpaka lero sindiona kuti ndinkalakwa.

Mphunzitsi wawo, mayi wa imvi, ndiye anati, "Atelala, anawa akalakwitsa muziwauza. Aphunzire kwa inu."

Anaputa mavu. Mawu a bambo ankatuluka olemera, malovu akudontha, koma ankaluma. "Manja akowa ngozizira ngati chambo chakufa." "Uzipempha kaye, si mwendo wa mbuzi uwu." Mtsikana wina atawaveka malaya moyambira dzanja labwino m'malo mwa lakufalo, anamubwerezetsa kasanu mpaka analira. "Wallahi, ukanakhala pamakina anga ndikanakuthamangitsa." Mnyamata amene anawatchula kuti wodwala nambala 3 anagendedwa ndi kapu ya madzi. Ine ndinaseka mokweza, mayi n'kunditsina.

Mvula yoyamba itagwa ophunzirawo anabwerera kwawo. Mtsikana uja atabwera kudzatsanzika, bambo anatembenukira kukhoma. Ndinakondwa kuti manyazi athu atha.

Lachiwiri lotsatira ndinawapeza m'mawa atameta ndevu okha ndi dzanja lamanzere, tsaya likukha magazi, atavala kofia yawo yopitira kumzikiti Lachisanu, maso ali kumsewu. Mayi atawakumbutsa kuti kulibenso woti akamukalipire, anatitukwana tonse, ndipo tsikulo sanadye.

Ndinkayesa akwiyira ife. Sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu tonse tinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwamvera chisoni, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuphunzira kanthu kwa iwo.