Wailesi Imene Mbuya Anatenga pa Maliro

Anandilanda wailesi. Inali yanga, yogula ndi thukuta langa, ndipo woitengayo anaitenga masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ambiri akuseka.

Sukulu ndinalekera Fomu 2. Musandifunse zambiri, malo a Fomu 3 anali ochepa ndipo dzina langa silinatuluke. Anzanga akumanga mataye, ine ndinali ku Riverside kutchetcha udzu ndi kutsuka magalimoto a azungu a pamgodi. Mkuwa unali pa mtengo masiku amenewo, aliyense ankati dziko lalemera, ufulu wabala zipatso. Pa chuma chonsecho ine chimene ndinagwirapo ndi wailesi imodzi yakuda, yokhala ndi chogwirira chachikopa, imene ndinagula kwa mzungu wina atamanga katundu kubwerera kwawo. Ndinkagona nayo kumutu. Mlongo wanga akafuna kuikhudza ankayamba wasamba m'manja.

Chaka chimenecho mu Kitwe monse nkhani inali imodzi. Ngwazi ya nkhonya ya dziko lonse, ya gulu la zimphona zolemera zija, inkabwera kudzateteza lamba wake kutsidya kwa malire, m'dziko loyandikana ndi lathu lomweli. Wofuna kumulanda lambayo anali mkulu wina wapakamwa, amene kale anakhalapo ngwazi. Komboni yathu yonse ya Buchi inali kumbali ya wapakamwayo, kuyambira ogulitsa nsomba za kapenta pamsika mpaka oyendetsa basi. Ine ndinali kumbali ya mwini lamba. Munthu uja sankalankhula. Ankangomenya, mnzake n'kugona pansi, iye n'kumapita kwawo. Anthu olankhula kwambiri ndinali nditatopa nawo, aphunzitsi, andale, alaliki, onse. Ndinkafuna kumva ndi makutu anga mmodzi wa iwo akutsekedwa pakamwa.

Sabata ya nkhonyazo atate anga aang'ono anamwalira ndi chifuwa cha mumgodi. Analibe nyumba yawoyawo, choncho maliro anali kwathu ku Buchi.

Ife ndife Angoni a ku Chipata. Amene sakhala kuno mwina sadziwa kuti Angoni ndi Abemba ndi ambuya, chifukwa makolo awo anamenyana nkhondo kalekale n'kuileka. Maliro akagwa kwa Mngoni, Abemba ndiwo amatema nkhuni, kuphika ndi kukumba manda. Malipiro awo ndi chipongwe. Amakuthira ufa kumutu, amanyoza womwalirayo, amakulanda chipewa kapena nsapato, iwe n'kuponya kandalama m'mbale, chinthu chako n'kubwerera. Za m'mbalezo zimathandiza pa maliro pomwepo. Kukwiya n'koletsedwa. Mwambowu ndilibe nawo mlandu. Mlandu ndili nawo ndi munthu mmodzi.

Anali kapitawo wa pansi pamgodi, Mbemba wamimba, wokhala mzere umodzi ndi ife. Tsiku loti kukacha nkhonya zija ziulutsidwe, iye analowa m'nyumba mwathu ndi anzake kukatulutsa mipando kuti azimayi olira apeze pokhala. Anzakewo anatuluka ndi mipando. Iye anatuluka wailesi yanga ili paphewa.

"Taonani kuno!" anafuula. "Odya mbewa ali ndi wailesi! Kodi mbewa zimamva Chingerezi?"

Anthu anaseka. Ngakhale amayi, amene maso anali atatupa ndi kulira, anabisa pakamwa ndi chitenje. Ndinapita pambale n'kuponyamo faivi ngwee.

"Ndawombola, akapitawo. Bweretsani."

"Awe, mwaiche," anatero, kunditcha kamwana m'chinenero chawo. "Iyi ndi ng'ombe, si nkhuku. Ng'ombe unawombolapo ndi faivi ngwee?"

Ndinaponya teni ngwee, yomaliza m'thumba mwanga.

"Unamva kuti pa maliro amatsegula wailesi? Atate ako aang'ono ali m'bokosi, iwe ukufuna nkhonya? Ndikusungira. Mawa tikaika maliro udzatenge."

Ndinayang'ana atate. Anali atakhala pabenchi ndi akulu a mpingo wathu, mutu uli mbuu ndi ufa. Anangondikupiza ndi dzanja kuti ndikhale pansi. Mkulu wa mpingo, wa jekete lakuda ndi Baibulo pamwendo, anathira ndemanga: "Anena zoona ambuyawa. Panyumba ya maliro pamamveka nyimbo za Mulungu zokha."

Nkhonyazo sindinazimve. Ndinali panja ndi amuna a pa maliro, kwaya ikuimba m'nyumba. Kutatsala pang'ono kucha Buchi inaphulika. Malikhweru, nthungululu, anthu kumenya zitini ndi malata, agalu kuuwa. Munthu wina anadutsa panjinga akufuula kuti wapakamwa wagwetsa chimphona, lamba wapita. Amuna a pa maliro anaimirira, ena n'kugwirana chanza. Mkulu wa mpingo yemwe uja anathamangira kumpanda n'kukuwa, "Raundi yachingati? Iwe wanjinga, raundi yachingati?" Umo ndi mmene ndinadziwira kuti munthu wanga wagwa. Ndinauzidwa ndi njinga yodutsa.

Kumanda akapitawo anakumba ndi mphamvu, sindinganame. Piki inkawamvera ngati ali pamgodi. Titabwerako ndinalunjika kunyumba kwawo. Akazi awo anatuluka ndi thumba la saka, osandiyang'ana kumaso. Nditatsegula ndinapeza zidutswa, mawaya, ndi chogwirira chachikopa chija chili pachokha.

Mayiwo ndiwo anandifotokozera. Amuna awo sanaisunge wailesiyo ngakhale pang'ono. Anapita nayo ku shabini ina ku Bulangililo, n'kuiika patebulo pakati pa mabotolo kuti anzawo amve. Chimphona chitagwa, amuna analumpha, wina anakwera patebulo kuti avine, tebulo linathyoka, ndipo onse anavinira pomwepo ndi majombo awo a kumgodi.

Ndinabwerera kwathu ndi thumbalo. Anthu anali asanabalalike, ankasamba m'manja pakhomo monga timachitira tikachoka kumanda. Ndinakhuthula zidutswa zija pamapazi pa akapitawo.

"Mwaphwanya wailesi yanga. Mundilipire."

Anawerama, kuyang'ana, n'kuomba m'manja. "Nayonso yamenyedwa! Inali kumbali ya chimphona chako, yagona naye limodzi. Iwerengere mpaka teni, mwina idzuka!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Apa mwambo unkafuna kuti ndibweze. Ndikanati odya anyani sadziwa kugwira zinthu za anthu, zala zawo n'zokwerera mitengo. Anthu akanaseka, iwo akanaseka, ndipo amayi amati mwina mwezi utatha akapitawo akanandigulira ina mwakachetechete. Mwina. Ine "mwina" sindimudya. Sindinaseke.

"Ichi si chimbuya," ndinatero. "Ndinu wakuba."

Mayi amene ankathira madzi anaimika jagi m'mwamba. Atate anadzuka pabenchi.

"Iwe! Munthu wakumbira mng'ono wanga manda ndi manja ake, iwe ukumutcha wakuba pakhomo panga?"

"Atate, manda akumba, wailesi aphwanya. Zonse ziwiri achita ndi iwo."

Mbama imene anandipatsa inandizunguza mutu mpaka ndinakagwira khoma. Akapitawo anatola chipewa chawo n'kuchoka, Abemba onse n'kuwatsatira, miphika ina isanatsukidwe.

Akuluakulu anakhala pansi pambuyo pake, a kwathu ndi a kwawo, ndipo mlandu unapezeka kuti ndi wanga. Anati mbuya satukwanidwa ndi nkhope youma. Ukamunyoza ukuseka ndi mwambo, ukamunyoza wosaseka ndi nkhondo. Ndinafunsa kuti nanga mwambo wotenga chinthu chowomboledwa kale n'kupita nacho ku shabini unachokera kwa makolo ati. Anati ndikhale chete, ndine mwana. Anagamula kuti ine ndikapepese ndi nkhuku, ndipo za wailesi akapitawo adzaona chochita.

Nkhukuyo ndinaigula ndi ndalama zotsukira magalimoto. Ndinagwada pakhomo pawo, anthu a mumzere wathu akusuzumira m'mawindo, n'kunena mawu amene atate anandiuza kuti ndinene. Akapitawo anailandira, kuipima kulemera m'manja, n'kunena kuti Angoni ngakhale nkhuku zawo n'zoonda. Atate anaseka kwambiri kuposa onse.

Tsiku la malipiro pamgodi akapitawo anandiitana pamsika wa Buchi, anzawo atawazungulira. Anatulutsa chikwama chotupa, anasanthula makwacha atsopano onunkhira banki, n'kusololamo tuu kwacha.

"Kagule mbewa, mwaiche. Nkhani yatha."

Ndinaitenga, chifukwa inali yanga. Zikomo sindinanene.

Amayi amandipempha kuti ndizisiye. Amati kuno ndife alendo, kwathu n'kutali, atate ako akadzagona adzawakumbire manda ndani ngati iwe ukudana ndi ambuya? Ndimawayankha kuti piki ndimadziwa kugwira, ndidzakumba ndekha. Amalira ndikatero, ndiye masiku ano ndimangokhala chete. Koma mwezi uliwonse ukatha ndimakaima pachipata cha akapitawo. Sindigogoda, sinditukwana, ndimangoima mpaka andione, kuti asaiwale. Wailesi ija ndinagula sikisitini kwacha. Atsala ndi fotini kwacha yanga.