Kutsatira Migolo ya Sopo mpaka ku Hopley

Ndinanyamuka ku Hatcliffe Loweruka m'mawa, chisanu cha Juni chikuluma zala. Hwindi, kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno ku Harare, anandilanda dola n'kundipanikiza pampando wa anthu atatu pomwe panali kale anayi. Ndinkapita ku Lochinvar, ku fakitale ya sopo kumene ndimagwira ntchito, koma ulendo weniweni unali wa ku Hopley. Chonditulutsa m'bulangete chinali kabokosi kamodzi ka pa kompyuta.

Ntchito yanga ndi yokonza sipuredishiti, tebulo la pa kompyuta lomwe timalembamo madzi, magetsi ndi zinyalala za fakitale, kuti tizidziwa ngati tikusamala chilengedwe. Ndinalipanga losavuta mwadala. Munthu salemba chiganizo, amangosankha yankho, kabokosi n'kusintha mtundu: chinthu chikatayidwa kudzala kamafiira, chikagwiritsidwanso ntchito kamabiriwira. Mzere wa migolo yapulasitiki unali wobiriwira mwezi ndi mwezi, ndipo abwana ankaunyadira ngati mwana wokhoza mayeso.

Koma migolo yathu ndi ya mitundu iwiri. Ina imabwera ndi mafuta opangira sopo. Ina imabwera ndi mankhwala a poizoni othira m'zotsukira zimbudzi, ndipo imeneyi timaipaka mzere wofiira. Potuluka pageti, tebulo langa linkangoti yonse ndi migolo. Ndinafuna kuona ndi maso anga kumene yofiirayo imathera.

Pafakitale ndinapeza a Phiri, dalaivala wa lole, atamanga kale katundu. Iwo ndi ine tonse tinabadwira ku Harare konkuno, koma makolo athu anachokera ku Dedza, ndiye tikakumana timatsuka Chichewa chathu chadzimbiri. Pakampani pathu pali mwambo wakale: mgolo ukatha, antchito amalandira mosinthana, ndipo a Phiri amakawagulitsira Loweruka.

"Kodi a kompyuta mwayamba kukwera lole?" anandiseka. "Ku Hopley kulibe netiweki ya nsapato zoyerazo, mwanangu."

"Ndikungofuna ndione kumene imapita migoloyi, bambo."

"Imapita kwa anthu. Ingapitenso kuti?"

Tinalowa msewu wa ku Masvingo dzuwa litakwera. Pa mphambano ya Mbudzi a Phiri anaima kuti agule maputi, omwe agogo anga ankaumirira kuti ndi mbuliwuli, ndipo tinkatafuna tikuyang'ana makombi akulimbirana anthu. Titasiya tala, lole inayamba kuvina m'maenje, migolo ikugundana kumbuyo. Ana a m'njira ankaidziwa ndi phokoso lomwelo, ankathamanga akufuula m'Chishona kuti madhiramu, ndiye kuti migolo, afika.

Woyamba kugula anali bambo wina woweta nkhuku, amene amadula mgolo pakati n'kudzalamo repu. Wachiwiri anali mnyamata wotsuka magalimoto. Onse anatenga ya mafuta, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kuganiza kuti ndadzivutitsa chabe.

Cha kumasana tinaima pakhomo pa Mayi Roza, kasitomala wakale wa a Phiri. Iwo anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo ali mtsikana, ndipo tsopano akulera zidzukulu. Kwawoko kulibe mpopi. Madzi amakatunga kumjigo ndi mgolo pa ngolo yokankha, n'kuwasunga mumgolo momwemo pakhonde. Atamva kuti ndimayankhula Chichewa anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

"Khalani pansi, mayi. Mlendo wochoka kutali sayankhula kukhosi kuli gwa."

Anavundukula mgolo, n'kutunga madzi m'kapu yachitsulo. Pamene ankawerama m'pamene ndinauona mzere wofiira, wofufuma ndi dzuwa koma womwewo.

"Mgolo wokongola," ndinatero, poti ndinasowa poyambira.

"Ndinachita kusankha ndekha. Kumjigo migolo yonse ndi yabuluu, anthu amasinthanitsa. Wanga ndimauzindikira ndili patali."

Kapu inali m'manja mwanga. Kwathu tinaleredwa kuti madzi a pakhomo pa munthu sakanidwa, makamaka opatsidwa ndi munthu wamkulu. Ndinawanunkhiza mobisa, koma sananunkhe kanthu. Pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo sopo satulutsa onse. Zimenezi ndinazidziwa kalekale, koma sindinaziganizirepo ndili ndi ludzu. Dzanja linakana kukwera.

Mayi Roza anandiyang'ana, kenako anayang'ana kapuyo.

"Ndinatsuka bwinobwino, ndi madzi otentha," anatero motsitsa mawu. "Kapena mukuona ngati ndife auve?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinawafotokozera tanthauzo la mzerewo, ndi zomwe zinali mumgolomo usanafike kwa iwo. Panja kamdzukulu kawo kakakazi kakang'ono kankasewera fulaye ndi anzake.

"Ndiye madzi amene inu mukuopa kulawa," anatero, "ana awa akhala akumwa kuyambira nthawi ya mvula."

A Phiri anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kupita kulole. Anabwerako akugubuduza mgolo wa mafuta.

"Uwu unali wanga mwezi uno. Tengani, mayi. Ndinakugulitsani ndine winawo, ndipo ndinkayesa mzerewo ndi wa ku sitolo powerengera katundu."

Tinathira madzi akalewo m'maenje a mumsewu. A Phiri anatenga chitsulo chomasulira matayala n'kuboola mgolo wofiira pansi kuti usasungenso madzi, tinaukweza m'lole. Ndinawapempha Mayi Roza kuti apite ndi ana kuchipatala akawaone. Anavomera, koma anali ndi nkhawa inanso.

"Nanga watsopanowu ndidzauzindikira bwanji kumjigo?"

Ndinavula kansalu kachikasu ka kumutu kwanga n'kumangirira pachivundikiro. Anaseka pang'ono, ndipo anatiuza makomo ena kumene anaonako mizere yofiira. Tsiku lonse lotsalalo tinali kugogoda pazitseko, migolo yofiira imene tinanyamula kufakitale ili m'lole yosagulitsidwa.

Ndinafika ku Hatcliffe dzuwa likulowa, nsapato zoyera zija zitasanduka zakatondo. Lolemba ndinatsegula tebulo langa. Ndinaganiza zoika mayina a mankhwala ndi manambala ake, koma mlonda wa pageti amene amadzaza mzere wa migolo m'tebulomo alibe nthawi ya zimenezo, lole ikuliza hutala. Ndinangowonjezera funso limodzi, la mayankho awiri: "Mungamwe madzi osungidwa mumgolo umenewu?" Akasankha ayi, kabokosi kamafiira, ndipo mgolo sutuluka usanabooledwe.

Abwana anadandaula kuti mzere wawo wokongola uja wawonongeka. Ndinawauza kuti tanthauzo la mtundu wobiriwirawo ndinaliona bwino ku Hopley: anali madzi a m'kapu, ndipo ineyo ndinalephera kumwa.