Kalata Yanga ya ku America

Tsiku lomwe yankho linabwera tinalipo anthu asanu m'nyumba muja ku Cannington, mumzinda wa Perth ku Australia: ine, mayi akunyumba, mwana wanga wachisamba, mpongozi wanga amene ndi namwino, ndi mayi wina wa ku Chipata wogwira naye ntchito, yemwe anangobwera kudzabweza poto.

Mwana wangayo ndi dokotala, koma osati wa jakisoni ayi. Amafufuza matenda a tirigu. Ine amene sukulu ndinalekera sitandade thuu, ndinabala munthu woti azungu amamufunsa nzeru! Ndimanena zimenezi paliponse, ngakhale m'sitima, ndipo mayi akunyumba amandikoka jekete kuti nditsitse mawu.

Chaka chimenecho ntchito yake ya kuyunivesite kuno ku Perth inali kutha, ina yosaoneka. Ndiye anapempha chilolezo chokakhala ku America. Anandifotokozera kuti kumeneko, akaona kuti ntchito yako ingathandize dziko lawo, safuna kuti pakhale bwana wokuitana, umadzipemphera wekha. Chachikulu pakhale makalata a anthu okudziwa, okuikira umboni.

Ndinafunsa kuti alemba ndani. Akuti mapulofesa. Ndinati, "Mapulofesawo anakudziwa liti? Unkadwala chikuku analipo?"

Kwathu munthu akamasamuka mpingo amatenga kalata kwa akulu amene anamuona akukula, ndipo kalatayo imanena zonse. Choncho Loweruka lina ndinamuitana mpongozi kuti atenge cholembera. Ndinayamba ndi moni kwa akuluakulu onse a ku America. Ndinanena mudzi wathu ku Ntchisi, mpingo wathu, ndi momwe mwanayu ankatolera mbozi m'chimanga changa n'kumaziika m'botolo anzake ali ku mpira. Sindinabise kanthu, zabwino ndi zoipa zomwe. Penapake mpongozi anaima.

"Bambo, izinso tilembe?"

"Lembani, mayi! Akazimva kwa ena adzati ndife abodza."

Siginecha yanga imatuluka mosiyana tsiku lililonse, ndiye ndinapaka chala polishi wa nsapato n'kudinda. Mwana wanga analandira kalatayo ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo bambo.

Kenaka kudikira. Miyezi inapita, mwana anayamba kusiya ndiwo m'mbale. Ine ndinkangomuuza kuti kalata yanga ndi yaitali, akuwerenga pang'onopang'ono.

Tsikulo tsono, tili pa tiyi wa m'mawa, foni ya mwana wanga inalira. Anayang'ana, n'kukhala pansi penipeni, pa kapeti. "Avomera," anatero. Mayi ake anayamba nthungululu mpaka galu wa aneba anauwa. Ine ndinaimirira, tiyi n'kutayikira pa thalauza.

"Mwaona! Mapulofesa analemba kalekale, zii. Ndalemba ine, yankho ili!"

Mayi wa ku Chipata uja anaseka. "Imwe atate, ku America baziba Ntchisi?"

"Lero aidziwa, mayi! Inunso mukafuna kupita mudzandiuze, polishi alipo."

Ndinaimbira mng'ono wanga kumudzi, ndinaimbira akulu a mpingo wathu wa kuno ku Rockingham. Ena anayamba kufunsa ngati ndingawalembereko ana awo. Ndinawauza kuti abwere mmodzimmodzi.

Masana, mlendo atapita, mwana wanga anandiperekeza kukagula nyama ya phwando. Tili m'galimoto anazimitsa wailesi, akuluma mlomo ngati munthu wobisa phwete.

"Bambo, kalata yanu ija sindinatumize. Munalembamo kuti ndinaba nzimbe za mpingo, inu n'kundikwapula ndi lamba mpaka ndinaleka. Akanawerenga zimenezo, ine akanandikana, inu akanakumangani. Koma mawa kutchalitchi mukanene momwe mwanenera leromu. Ine sindikatsutsa."