Ulusi wakuda pa khutu la mkulu wanga

Mkulu wanga anabadwa ndi khungu lachialubino, ife tonse akuda bii. Tinkakhala ku Kawama, mu Ndola, ndipo iye ankagulitsa tomato pamsika, dzuwa lonse likuthera pa iye. Chipewa ankakana. Ankati mayi wa Chigwirizano cha kutchalitchi amavala duku, za zipewa nzonyada. Dukulo linkasiya makutu pamtunda.

Pa khutu lakumanzere panatuluka kanthu kolimba, kokhakhala ngati nkhanambo. Amayi anakagwiragwira nkunena kuti, "Ni njelewele chabe iyi. Leta kotoni." Kwathu njerewere timaimanga ndi ulusi patsinde mpaka iume. Poti amayi maso anali atayamba kuvuta, womanga ndinali ine, ndipo ndinamangadi mwaluso, ndikudzitama.

Patatha sabata ziwiri kanthu kaja kanagwera m'beseni mkulu wanga akusamba kumaso. Sipanatuluke magazi ngakhale dontho. Pamalopo panatsala kadzenje koyera, konyowa, kosapola, ndipo ntchentche sizinkaterapo. Zimenezo zinandiopsa kuposa magazi. Amayi anakayamika kutchalitchi.

Mvula itayamba, mkulu wanga anandiitana masana kuseri kwa nyumba.

"Iwe, gwila apa," anatero.

Pansi pa khutu, m'kati mwa khosi, munali chotupa chonga nthudza. Sichinkapweteka. Chinangokhala phee pansi pa chala changa, chofunda.

Dokotala wa kuchipatala chachikulu ku Ndola anali mayi wosakonda kuzungulira. Anatiuza kuti khungu limadzipanga latsopano tsiku ndi tsiku, ndipo m'kati mwa tizigawo take muli mapuloteni amene ntchito yawo nkuletsa: apa basi, musachulukane. Dzuwa likawotcha malo amodzi zaka ndi zaka, malangizo opangira oletsawo amawonongeka, ndipo khungu limangokula popanda wolikaniza.

"Pamwamba munadula," anatero dokotalayo, "manje pansi chinapitiliza. Anamanga ni ndani?"

Amayi anayang'ana pansi. Mkulu wanga anayankha msanga, "Nine neka, ba dokota."

Anamuchotsa khutu lonse ndi mnofu wina wa m'khosi. Ali moyo, ndipo chipewa amavala tsopano, chachikulu, mpaka m'tchalitchi. Za ulusi sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo kusanenako kumandiwawa mpaka lero.

Panopa ndimakhala ku Kitwe, koma mwezi uliwonse ndimakwera basi kukamuyang'ana khungu, poti pagalasi saona bwino. Amakhala pampando pakhomo, ine ndimayendetsa chala pang'onopang'ono m'khosi, m'mapewa, kuseri kwa khutu lotsalalo. Mwezi wathawu chala chinaima chokha.

"Waimilila chani?" anafunsa osatembenuka.

Ndinamuuza kuti avale nsapato, tikapeze dokotala asanaweruke.